Tsiku la 21 ladutsa koma thadzi silinaswe: muchite chiyani?

Mwawerenga masiku pakalendala ndipo lero ndi la 22, mwina la 23. Mwalawirira kuchisa muli ndi chiyembekezo choona timitu tikusuzumira m'mapiko, koma kuli zii. Thadzi langoti phwatata pamazira, nthenga litatukumula, diso lili pa inu, ndipo mukangotambasula dzanja likukujomphani. Maganizo amayamba kuthamanga: kodi mazirawa asukusa? Ndiwataye? Ndiswe limodzi ndione zam'kati?

Musataye, ndipo musaswe. Ine ndinaswapo dzira pa tsiku limene ndinkati ndi la 24, nditatsimikiza mumtima kuti mulibe chamoyo. Ndinapezamo mwanapiye wathunthu, wonyowa, maso otseka, kamlomo kakutseguka ndi kutsekeka, chikasu cha dzira chikadali kunja kwa mimba yake. Anafera m'dzanja langa pasanathe mphindi 10. Anzake 7 anaswa bwinobwino patapita masiku awiri. Thadzi silinalakwitse kanthu, mazira analibe vuto, cholakwika chinali kawerengedwe kanga ka masiku. N'chifukwa chake ndiyambira pomwepo.

Yambani mwawerenganso masiku

Dzira la nkhuku limafuna masiku 21 lili pakutentha kokwanira kuti mwanapiye akhwime ndi kutuluka. Masiku amenewa sayambira tsiku limene dzira linaikiridwa. Thadzi limaikira pafupifupi dzira limodzi pa tsiku, nthawi zina n'kudumpha tsiku, choncho kuti mazira 12 akwane pamatha milungu iwiri kapena kuposerapo. Nthawi yonseyi mazira oyambawo amangodikira, m'kati simukula kanthu. Kukula kumayamba thadzi likakhazikika pamazira usana ndi usiku, n'chifukwa chake dzira loyamba kuikiridwa ndi lomaliza amaswa pafupifupi nthawi imodzi.

Pamene ambiri timasokonezeka ndi apa: thadzi silikhazikika tsiku limodzi. Limayamba ndi kuchedwa m'chisa likaikira, mawa lake likhalamo theka la tsiku, madzulo n'kukagona ndi zinzake. Mwini wake akaliona m'chisa masana amayamba kuwerenga, chonsecho usiku mazira akugona okha. Kuyeserera kumeneku kumatha masiku awiri, atatu, ngakhale anayi.

Ndiye khalani pansi mudzifunse kuti: ndi usiku uti woyamba umene ndinaliona ndi maso anga litagona pamazira? Tsiku loyamba limakwana pakatha maola 24 kuchokera pamenepo. Njira yosavuta kukumbukira ndi yakuti ngati linakhazikika Lachitatu, muyembekezere anapiye Lachitatu la milungu itatu kutsogolo. Ngati simukukumbukira bwino, onjezerani masiku atatu pa chiwerengero chanu musanagamule chilichonse.

Funso lina: kodi mazira onse ali m'chisamo analowamo tsiku limodzi? Mathadzi ena amakonda kukwera pamsana pa lofungatiralo n'kuikira momwemo, kapena amadikira litatuluka kukadya. Lofungatiralo silisankha, limangokokera dzira lililonse pansi pake ndi mlomo. Ngati munasiya mazira 10 ndipo lero muli 14, anayi owonjezerawo ali ndi kalendala yawoyawo, ndipo ngati simunalembe chizindikiro simungawasiyanitse ndi maso.

Muonetsetsenso kuti ndi mazira a nkhukudi. Ngati munapatsa thadzi mazira a mbalame ina, masiku amasintha: a nkhanga amatenga masiku 26 mpaka 28, a nkhukundembo 28, a bakha 28, koma a bakha wamkulu uja wa zofiira kumaso amatenga 35.

Chimachedwetsa mazira amoyo n'chiyani?

Ngakhale mutawerenga molondola, 21 si khoma. Anapiye ena amatuluka pa tsiku la 20, makamaka a nkhuku zazing'onozing'ono, ena la 22 ndi la 23, ndipo apo ndi apo amapezeka otuluka la 24. Chimene chimalamula liwiro ndi kutentha. Thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41, ndipo thadzi lofungatira limazula nthenga za pachifuwa ndi pamimba kuti khungu lenilenilo lizikhudza mazira. M'makina ofungatira mazira anthu amatchera madigiri 37.5 potsanzira kutentha kumene dzira limalandira pansi pa thadzi. Kutentha kukachepa pang'ono kwa masiku ambiri, mwanapiye safa ayi, amangokula pang'onopang'ono.

Choncho yang'anani mmene zinthu zinalili milungu itatu yapitayi. Kodi kunali kozizira? Chisa chili pamalo opita mphepo, kapena pansi pozizira popanda udzu wokwanira? Mazira sanachuluke? Thadzi lapakati limakwanitsa bwino mazira 10 mpaka 12, laling'ono 6 mpaka 8. Akapitirira pamenepo ena amatsalira m'mbali, ndipo poti thadzi limawatembenuza ndi kuwasinthasintha malo tsiku lonse, pafupifupi dzira lililonse limalandira gawo lake la kuzizira. Ngati mumaona mazira akuonekera kunja kwa nthenga, yembekezerani kuchedwa.

Mazira amene anasungidwa nthawi yaitali asanafungatiridwe nawonso amachedwa, ndipo akadutsa milungu iwiri ambiri sakula n'komwe.

Pali nkhawa ina imene ndimaimva kawirikawiri, yakuti thadzi linatuluka n'kusiya mazira. Kutuluka kamodzi pa tsiku kwa mphindi 15 mpaka 30 n'koyenera. Limakadya, kumwa, kutulutsa chitosi chimodzi chachikulu chonunkha kwambiri, kusamba fumbi, n'kubwerera. Kunja kukatentha limatha kuchedwako kuposa pamenepo, ndipo palibe choopsa. Chimene chimabwezera masiku m'mbuyo ndi pamene lasochera n'kukakhala m'chisa china maola ambiri, mazira ake n'kuzizirirathu. Ngakhale pamenepo si kuti afa onse. Mwanapiye wamkulu m'dzira amapirira kuzizira kwa maola angapo kuposa mmene timaganizira.

Mvetserani musanagwire kanthu

Kuti mudziwe choyenera kumvetsera, taonani zimene zimachitika m'masiku atatu omaliza. Kumbali yaikulu ya dzira, yobulungira ija, kuli kathumba ka mpweya. Kamayamba kakang'ono ngati nsonga ya chala, ndipo kamakula pamene madzi a m'dzira akuuluka kudzera m'timabowo ta chigoba. Cha m'ma tsiku la 19 mwanapiye amayamba kukokera chikasu cha dzira m'mimba mwake kudzera pamchombo. Kenako amaboola kachikopa kopyapyala kamene kamamulekanitsa ndi kathumbako, n'kulowetsamo mlomo, n'kuyamba kupuma ndi mapapo koyamba. Akafika apa amatha kulira, chigoba chisanang'ambike paliponse. Pakatha pafupifupi tsiku limodzi, mpweya wa m'kathumbamo utayamba kuperewera, amagogomola chigoba ndi kadzino kolimba kamene kali pansonga ya mlomo, n'kuboola kabowo koyamba.

Ndiye pitani kuchisa nthawi yabata, madzulo nkhuku zina zitagona, mukhale chete mphindi zisanu khutu lili pafupi. Mukamva "piyo piyo" wapansipansi, kapena timagogodo tating'ono ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo, bwererani kukagona, ntchito ikuyenda. Mvetseraninso thadzi lenilenilo. Masiku omaliza limasiya kutuluka, limakanirira pamazira, ndipo limayankhula motsitsa kukhosi, mutu litaweramitsira pansi pa chifuwa. Limakhala likuyankhana ndi ana ake. Thadzi likamachita zimenezi ine sindiligwira n'komwe, ndimalipatsa tsiku lina lathunthu.

Kunyamulanyamula thadzi ola lililonse kuti muone kumaononga kuposa kuthandiza. Pansi pake pamakhala chinyezi chimene chimasunga kachikopa kam'kati kali kofewa, ndipo mukalitukula chinyezicho chimathawa. Thadzi lodzidzimuka limathanso kuponda dzira lobooka kale.

Fungo ndi tochi

Ngati tsiku la 22 latha ndipo simukumva kanthu, nthawi yoyeza dzira limodzilimodzi yakwana. Dikirani mdima weniweni. Sambani m'manja, mukonze tochi yowala kwambiri (ya pafoni imakwana), pensulo, ndi kabeseni koyalamo nsalu. Lowetsani dzanja pansi pa chifuwa cha thadzi pang'onopang'ono, kumbuyo kwa dzanja kuli m'mwamba kuti likajompha lijomphe inu osati dzira. Tulutsani dzira limodzi, muliyeze, mulibwezere, kenako lina. Dzira lisakhale kunja kupitirira mphindi imodzi, ndipo muligwire mmene linagonera, osalizunguliza.

Musalikhutchumule pakhutu. Ndikudziwa kuti ambiri tinazolowera kutero pofuna kumva ngati likukhuthuka m'kati, koma ngati muli wamoyo mumadula mitsempha yake, ndipo ngati lawola likhoza kukuphulikirani kumaso.

Yambani ndi mphuno. Dzira labwino silinunkha. Lowola limadziulula lokha, ndipo nthawi zina limatuluka timadontho tomata tachikasu kapena tofiirira pachigoba, ngati likuchita thukuta. Limenelo lichotseni usiku womwewo. Linyamuleni mwaulemu ndithu, mulilowetse m'pepala la pulasitiki, mukalikwirire kutali. Likaphulikira m'chisa limapaka tizilombo pamazira ena onse ndi pamimba pa thadzi, ndipo timeneti timalowa m'zigoba ngakhalenso pamichombo ya anapiye ongobadwa. Ngati lina laphulika kale, sinthani udzu wonse, mazira otsalawo muwapukute ndi nsalu youma kapena yonyowa pang'ono ndi madzi ofunda. Osawatsuka, chifukwa chigoba chili ndi kokutira kake kosaoneka kamene kamatchinga tizilombo.

Tsopano tochi. Kungani dzanja ngati chibakera chosatseka, tochi kumbali imodzi ya bowo la dzanjalo, mbali yaikulu ya dzira kumbali inayo, kuti kuwala konse kulowe m'dzira. Dzira limene lili pafupi kuswa limaoneka lakuda bii pafupifupi lonse, kupatula kathumba ka mpweya kamene kamawala, ndipo kamakhala katakula kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dzira, mzere wake uli wopendekeka. Maso anu akhale pamzere umenewo. Mukaona timitsempha tofiira tooneka bwino m'mphepete mwake, kapena mthunzi ukugwedezeka, kapena kansonga ka mlomo katatulukira m'kathumbamo, muli moyo. Gogodani chigoba pang'ono ndi chikhadabo, muimbe kaluzu kapansipansi, muike pakhutu. Nthawi zambiri amayankha. Lembani kachizindikiro ndi pensulo, mulibwezere.

Zimene zimasonyeza kuti palibenso choyembekezera n'zosavuta kuziona. Dzira limene kuwala kukudutsa lonse, mukungoona mthunzi wa chikasu ukuyandama, silinayambe n'komwe kukula. Limene lili ndi mzere wofiira wozungulira ngati mphete m'kati mwa chigoba linayamba koma linafa sabata yoyamba. Limene lili ndi kabulunga kakuda kakang'ono m'madzi ambuu, opanda mitsempha, linafera panjira. Ndipo ngati kathumba ka mpweya kakuyendayenda mukapendeketsa dzira, zam'kati zikutakasuka ngati madzi, limenelo lasukusa. Onsewa achotseni kuti amoyo atsale ndi malo ndi kutentha kokwanira.

Ovuta ndi apakati, akuda bwino koma osagwedezeka ndi osayankha. Mwanapiye amagona, ndipo zigoba zina zofiirira kwambiri sizilola kuwala. Dzira lotere likapanda fungo, lilembeni chizindikiro cha funso, mulibwezere, mudzaliyezenso usiku wa mawa. Ngati kathumba kasintha kapena mzere wapendekeka kwambiri, chilipo chikuchitika.

Za kuyeza m'madzi

Pali njira ina imene anthu amaitchula kwambiri, yoika dzira m'madzi ofunda. Mumathira madzi m'chikho chakuya, ofunda ngati osambitsira khanda, pafupifupi madigiri 37 kapena 38, mumadikira akhazikike, n'kuikamo dzira mosamala ndi supuni. Likayandama n'kumadzigwedeza lokha madzi ali bata, muli wamoyo. Mumalitulutsa msanga, kulipukuta, n'kulibwezera.

Ine njirayi ndimaiika kumapeto, tsiku la 23 litadutsa ndipo tochi yalephera kundiuza kanthu. Kugwedezeka kumatsimikiza moyo, koma kusagwedezeka sikutsimikiza imfa, choncho yankho lake ndi la mbali imodzi. Ndipo musanaiyese pendani chigoba chonse ndi tochi. Dzira lokhala ndi kabowo kapena kamng'alu kakang'ono bwanji lisalowe m'madzi, mwanapiye angamire.

Dzira labooka koma mwanapiye sakutuluka

Apa ndi pamene manja amayabwa kwambiri. Mwaona kabowo m'mawa, kamlomo kakuoneka, masana palibe chasintha, madzulo chimodzimodzi. Mumayamba kuganiza kuti wakanirira.

Nthawi zambiri sanakanirire. Kuchokera pa kabowo koyamba kufika potuluka pamatha maola 12 mpaka 24, nthawi zina kuposerapo pang'ono. Nthawi imeneyi mwanapiye akupumula, akuzolowera mpweya wakunja, ndipo akumaliza ntchito ziwiri zimene sizioneka: kulowetsa chikasu chonse m'mimba ndi kubweza magazi amene ali m'mitsempha ya pakachikopa kozungulira dzira. Mukamuona akuchita ngati akutafuna kapena kuyasamula, kawirikawiri amakhala asanamalize. Akamaliza amayamba kuzungulira m'katimo, akudula chigoba mozungulira ngati akutsegula chitini, ndipo gawo limeneli limakhala lachangu, nthawi zambiri ola limodzi kapena awiri. Kenako amakankha ndi miyendo, chipewa cha chigoba n'kutseguka.

Kuthandiza kuli ndi malo ake, koma ndi ochepa. Ganizirani zothandiza pokhapokha maola 24 atadutsa chiboolere popanda kusintha kulikonse, kapena ngati anayamba kudula mozungulira n'kuima kwa maola angapo, ndipo kachikopa kooneka pabowopo kauma, kasanduka kofiirira, kamumatirira ngati pepala, kulira kwake kukucheperachepera. Zikatero gwirani ntchito pamalo ofunda opanda mphepo. Benthulani chigoba chokha, tizidutswa tating'ono, kuyambira pabowo kulowera kumbali ya kathumba ka mpweya kumene kulibe mitsempha. Nyowetsani kachikopa ndi thonje loviika m'madzi ofunda, mosamala kuti dontho lisalowe m'mphuno. Kakanyowa kamaonekera m'kati. Mukaona mitsempha yofiira yodzaza magazi, kapena kadontho ka magazi katuluka, lekani pomwepo, mubwezere dzira pansi pa thadzi, mudikire maola atatu kapena anayi. Ngakhale mitsempha itauma, masulani mutu ndi mapewa okha, theka lakumunsi mumusiyire atulukemo yekha. Kumukoka kumang'amba mchombo.

Dziwaninso kuti anapiye ena amalephera kutuluka chifukwa anagona molakwika m'dzira kapena ndi ofooka chibadwire, ndipo ena mwa amenewa sakhalitsa ngakhale muwathandize bwino chotani.

Ena aswa, ena atsala

Thadzi limadikira pachisa tsiku limodzi kapena awiri mwanapiye woyamba atatuluka. Anapiye amatha kukhala masiku awiri osadya chifukwa cha chikasu chimene analowetsa m'mimba chija. Pambuyo pake amayamba kutuluka m'mapiko, kulira njala, ndipo make amasankha amoyo amene akuwaona, n'kunyamuka.

Mukhoza kulichedwetsa pang'ono poika chakudya chosinja bwino cha anapiye ndi madzi pafupi penipeni ndi chisa, kuti ana azidya make ali chikhalire. Madziwo akhale m'kambale kosaya, muikemo timiyala kuti asamire. Mukatero mumagulira mazira otsalawo tsiku limodzi, mwina awiri.

Likanyamuka ndithu musalikakamize kubwerera. Tengani mazira otsalawo muwaunike. Mukawapeza ozizira musafulumire kuwataya, chifukwa mwanapiye wozizidwa amangoti zii ngati wakufa. Aikeni pansi pa thadzi lina lofungatira ngati lilipo, kapena m'makina, kapena m'kabokosi muli botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu ndi kansalu konyowa pambali, muwaunikenso pakatha maola awiri kapena atatu. Amene aswa mochedwa chonchi muwasiye aume ndi kulimba miyendo, kenako muwalowetse pansi pa make usiku.

Malire ake

Kudikira kuli ndi polekezera. Ngati mwawerenga bwino, mwaonjezera masiku okayikitsa aja, ndipo tsiku la 25 lafika popanda kulira, popanda kabowo, popanda kugwedezeka pa tochi, mazirawo saswanso. Achotseni onse, makamaka usiku.

Musanawakwirire, ndi bwino kuwatsegula kuti mudziwe chinachitika. Chitirani panja, dzira lili m'pepala la pulasitiki, ndipo muyambe kuboola pang'ono kumbali ya kathumba ka mpweya, kuti ngati mwina muli wamoyo muone musanamuvulaze. Ngati ambiri alibe chizindikiro chilichonse cha kukula, yang'anani kwa tambala: mwina wakalamba, mwina akadali wamng'ono, mwina mathadzi amuchulukira. Tambala mmodzi amakwanira bwino mathadzi pafupifupi 10, ndipo popanda tambala dzira siliswa ngakhale thadzi litalikhalira mokhulupirika chotani. Ngati ambiri anafa ali aang'ono, ganizirani za mazira okhalitsa, akuda ndi zitosi, kapena kuzizira kwakukulu masiku oyamba. Ngati mukupeza anapiye athunthu ofera m'chigoba, vuto linali kumapeto: kuzizira, kuuma kwambiri kwa chisa, kusokonezedwa, kapena chakudya choperewera cha nkhuku zimene zinaikira mazirawo.

Tsopano samalani thadzi

Ichi ndi chifukwa chenicheni chimene sindilolera kuti kudikira kupitirire. Thadzi siliwerenga masiku. Chimene chimalichotsa pachisa ndi kulira kwa anapiye, ndipo kukapanda kumveka ena amakhalabe milungu isanu, isanu ndi umodzi, akudya pang'ono kamodzi pa tsiku. Linyamuleni mulimve kulemera kwake. Papasani fupa la pachifuwa: ngati latuluka ngati mpeni, nyama ya m'mbali itatha, thupi laperewera kale. Kanyama kofiira ka pamutu kamakhala katafwifwa ndi kufota. Tambasulani nthenga za pansi pa mapiko ndi kumchira, muunikenso m'ming'alu ya chisa usiku. Utitiri umakonda nkhuku yosasuntha, umaiyamwa magazi usiku uliwonse, ndipo umatha kuipha ili pamazira pomwepo. Mukaupeza, otchani udzu wa m'chisa, mutsuke chisacho, ndipo thadzi mulithire mankhwala oyenera nkhuku motsatira malangizo a palebulo.

Ena amati poti lazolowera kale, angolipatsa mazira ena atsopano. Kumeneko n'kulipempha milungu ina itatu pamwamba pa inayi imene latha kale. Musatero.

Njira zabwino ndi ziwiri. Ngati mungapeze anapiye a tsiku limodzi mpaka atatu, thadzi lomwe lakhalira mazira milungu itatu nthawi zambiri limawalandira ngati ake. Dikirani mdima, muchotse mazira, mulowetse anapiye mmodzimmodzi pansi pa mapiko kuchokera kumbuyo, dzanja lanu likuwaphimba. Imani pamenepo mumvetsere. Likayamba kuyankhula motsitsa muja, ana n'kukhala chete, zayamba bwino. Mulawirire kusanache kukaona mmene lichitire kukayera, chifukwa lilipo thadzi lina limene limawajompha, ndipo zikatero muwachotse msanga mukawalere nokha pamalo ofunda.

Ngati anapiye palibe, lithandizeni kuiwala. Litsekereni m'kakhola ka waya pansi, kokwezedwa pamiyala kapena pamitengo kuti mphepo izipita kumimba, pamalo owala koma pamthunzi, mopanda udzu kapena chilichonse chofanana ndi chisa. Muikemo madzi ndi chakudya chokwanira nthawi zonse. Pakatha masiku atatu litulutseni muone. Likathamangira kuchisa n'kukaphwatatanso, libwezereni masiku ena awiri. Likayamba kupalasa, kusamba fumbi ndi kutsatira zinzake, lachira. Kulimiza m'madzi ozizira, kulimana chakudya kapena kulimangirira mwendo padzuwa n'kuzunza nkhuku yofooka kale, ndipo kakhola kaja kamagwira ntchito popanda zonsezo.

Ulendo wotsatira

Thadzi likadzayambanso kufungatira, lisiyeni kaye masiku awiri kapena atatu pamazira awiri osafunika kuti mutsimikize kuti lakhazikika. Pakali pano sonkhanitsani mazira amene mukufuna: aukhondo okha osatsuka, opanda ming'alu, osapitirira sabata imodzi chiikirire, osungidwa pamalo ozizirira bwino nsonga ili pansi. Muwaike onse usiku umodzi, ndipo tsikulo mulilembe pakalendala ndi pakhoma la khola. Dzira lililonse mulizungulize mzere wa pensulo kuti uzioneka mbali iliyonse imene lagonera. Ngati n'kotheka tchingani chisa kuti mathadzi ena asalowemo, koma lofungatiralo likhale ndi potulukira kukadya. Muunike pa tsiku la 10, pamene dzira lamoyo limaonetsa mitsempha ngati kangaude wofiira, ndi pa tsiku la 18, kuti osukusa achoke asanawole. Ndipo tsiku lililonse thadzi likatuluka kukamwa madzi, suzumirani m'chisa, dzira lopanda mzere wa pensulo mulichotse.